Mwana akati “inu ndinu wodwala”, gonani pansi mudwale

Pali chinthu chimene makolo ambiri timapanga tsiku ndi tsiku osadziwa kuti tikumulanda mwana kanthu kofunika. Kamwana ka zaka zitatu kayala nsalu pansi, kagonekapo chidole, kakuchisisita pamutu nkumachiuza kuti “usalire, jakisoni sapweteka kwambiri, pompano tipita kunyumba”, nde ife tikudutsa ndi changu chathu timangoti iwe chotsa zinyalala zakozo, katenge buku uwerenge a e i o u. Ine apa ndimakana. Nthawi imeneyo mwanayo ali pa ntchito yaikulu kuposa zilembozo, akuyesera kukhala munthu wina, akudzifunsa funso limene akuluakulu ambiri limatikanikabe, loti kodi mnzangayu mkatimu akumva bwanji. Zilembo adzaziloweza, zimenezo sindidandaula nazo, aphunzitsi alipo ndipo zaka zakusukulu ndi zambiri. Koma mtima womva za mnzako sulembedwa pa bolodi, umakula ndi kuyesera mobwerezabwereza, ndipo malo amene mwana wamng'ono amayeserako kwambiri ndi masewera oyerekeza amenewa, masanje, zachipatala, zasukulu, zamabasi, zonsezo.

Tiyambe ndi kuvomereza kuti mwana sabadwa akudziwa kuti mmutu mwa mnzake muli zina zosiyana ndi zake. Khanda likamva linzake likulira nalonso limayambapo, izi akatswiri anaziyesa kale m'ma 1970 ndipo mayi aliyense amene anagonapo mu wodi ya ana obadwa kumene akuzidziwa. Koma kulira kumeneko sichinafike pa chifundo ayi, khandalo silikusiyanitsa kuti wavutika ndani, ilo kapena linzakelo. Mwana akamapitirira chaka mumayamba kuona zina zokoma, mwana amaona mnzake akulira nkuthamanga kukakoka amayi ake a iye mwini kuti adzatonthoze wolirayo, chonsecho amayi a wolirayo ali pompo. Chitsanzo chimenechi anachilemba Martin Hoffman, katswiri wa ku America yemwe anatha zaka zambiri akufufuza mmene chifundo chimakulira mwa ana. Mtima wothandiza ulipo kale, kungoti akuthandiza ndi chimene chikanamutonthoza iyeyo. Ntchito yaikulu ya zaka ziwiri mpaka zisanu ndi yochoka pamenepo nkufika pozindikira kuti mnzangayu akufuna amayi ake, osati anga.

Pali kamayeso kena kotchuka kamene kamaonetsa bwino zimenezi. Anakayambitsa ndi Heinz Wimmer ndi Josef Perner ku Austria mu 1983, kenako mu 1985 Simon Baron-Cohen, Alan Leslie ndi Uta Frith ku London anakapanga ndi zidole ziwiri, Sally ndi Anne. Sally waika kampira kake mu dengu, watuluka panja. Anne watenga kampirako wakabisa mu bokosi. Sally wabwerera, nde mumamufunsa mwana amene amaonerera uja kuti kodi Sally akayang'ana kuti kampira kake? Ana ambiri a zaka zitatu amaloza bokosi molimba mtima, sinanga iwowo aona kuti kali mmenemo, kwa iwo chimene ndikudziwa ine ndekuti aliyense akuchidziwa. Akafika zaka zinayi kapena zisanu mpamene ambiri amayamba kuloza dengu, amvetsa kuti Sally sanaone, Sally akuganizabe zakale. Ndimakonda kuwakumbutsa makolo za kamayeso kameneka chifukwa timakalipira ana a zaka zitatu kuti ndi odzikonda, ndi ouma mtima, pomwe ubongo wawo sunakhwime mpaka potha kuona zinthu mmene wina akuzionera.

Tsono taonani zimene zimachitika pa msinkhu womwewo. Cha pa chaka chimodzi ndi theka mwana amayamba kuyerekeza, amatenga kapu yopanda kanthu nkumamwa, amamwetsa chidole, amaika nthochi pakhutu nkumati halo. Leslie yemwe uja mu 1987 analemba kuti kachinthu kooneka kakang'onoka nkodabwitsa, chifukwa mwanayo akusunga zinthu ziwiri mmutu nthawi imodzi, akudziwa kuti iyi ndi nthochi komanso kuti pakali pano ndi foni, ndipo sasokoneza. Maganizo ake anali oti luso losunga zoona ndi zongoganizira pamodzi ndi lomwe munthu amadzagwiritsa ntchito pomvetsa anthu ena, monga kunena kuti ine galuyu sindikumuopa koma mng'ono wangayu akumuopa, ndipo mantha akewo kwa iye ndi enieni.

Kuyerekeza ndi zinthu nchiyambi chabe, pamakoma mpamene mwana wayamba kukhala munthu wina. Lev Vygotsky wa ku Russia mu 1933 anakamba za atsikana awiri apachibale omwe tsiku lina anagwirizana kuti tiye tisewere zoti ndife pachibale. Mukhoza kudabwa kuti nanga si apachibale kale? Eya, koma tsiku ndi tsiku sankaganizako kuti munthu ndi mchemwali wake amayenera kutani, mmasewera muja mpamene anayamba kuganiza, kuyenda atagwirana manja, kuvala mofanana, kuchitirana zimene akuona kuti apachibale amachitirana. Vygotsky anati mwana akamasewera amakhala ngati watalika kuposa msinkhu wake, ndipo aliyense amene anakhalapo ndi ana akuvomereza. Kamwana kosakhazikika kamene simungakakhazike pansi olo mphindi ziwiri, kakapatsidwa ulonda pamasewera kamaima njo pakhomo osasuntha. Kakakhala nesi kamatsitsa mawu, kamagwira mkono wa wodwala mofatsa, kamafunsa kuti mwagona bwanji. Palibe wakauza kuti ufatse, udindo womwewo ndi umene ukukalamula, ndipo kakumvera mokondwa chifukwa kausankha kokha.

Ndipo masewerawa amalemera kwambiri pakakhala mnzake weniweni, chifukwa chidole sichikana koma mnzako amakana. Tamverani ana atatu akamakonza masanje, nthawi yambiri imathera pa kukambirana, iwe ukhale bambo, ayi ine dzulo ndinali bambo lero ndikufuna udokotala, chabwino koma mwana ndiye anyamule ndine, nanga uyu akhale ndani? Akuluakulu timangomva phokoso ndipo timafuna tilowerere tiweruze zithe, koma pamenepo mpamene mwana akugundana ndi zofuna za munthu wina nkuphunzira kuti ndikaumirira zanga zokha anzanga achoka ndipo masewera athera pomwepo. Paja amati kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu. Lise Youngblade ndi Judy Dunn mu 1995 anatsatira ana ku America kuyambira ali ndi miyezi 33, kumawaonera mmakomo mwawo akusewera ndi amayi awo komanso abale awo, ndipo anapeza kuti ana amene ankakonda kutenga udindo wa munthu wina posewera, patatha miyezi 7 ankachita bwino pa mayeso ofanana ndi a Sally aja.

Koma sindikufuna ndikunamizeni kuti nkhaniyi akatswiri onse anagwirizana. Mu 2013 Angeline Lillard wa pa yunivesite ya Virginia ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambirimbiri wokhudza masewera oyerekeza, anamuunika mofatsa, ndipo zimene ananena zinawawa anthu ambiri okonda masewerawa. Anati umboni woti kuyerekezako ndi kumene kumabweretsa luso lomvetsa maganizo a ena ndi wofooka, kafukufuku wambiri anali wa ana ochepa, pena oyesa anawo ankadziwa kale gulu limene likuyembekezeka kupambana, ndipo nzotheka kuti mwana amene amalankhula bwino komanso amene akuluakulu amacheza naye kwambiri ndi amene amachita bwino pa zonse ziwiri, kusewera ndi kumvetsa anzake. Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo sindikuitaya. Kungomuunjikira mwana zidole nkumutsekera kuchipinda sikungamusandutse wachifundo, ndipo aliyense wokugulitsani chidole ndi lonjezo limenelo akufuna ndalama zanu basi.

Mwachitsanzo mu 2020 ku yunivesite ya Cardiff anaika tizipangizo toyeza ubongo pamitu ya ana a zaka 4 mpaka 8, ndipo anapeza kuti mbali ya ubongo imene timaganizira nayo za anthu ena imagwira ntchito kwambiri mwana akamasewera ndi zidole, olo ali yekha, kusiyana ndi akamasewera yekha gemu ya pa tabuleti, anyamata ndi atsikana omwe. Nkhani yabwino, koma dziwaninso kuti ndalama za kafukufukuyo zinachokera ku Mattel, kampani yopanga zidole za Barbie, komanso zimene makina aonetsa mu ubongo lero sizikutsimikiza kuti mawa mwanayo akabwereka mnzake choseweretsa.

Amene amandigwira mtima ine ndi kafukufuku wa Thalia Goldstein ndi Matthew Lerner wa mu 2018. Anagawa ana a msinkhu wa sukulu ya mkaka m'magulu atatu kwa masabata 8, ena azichita timasewero toyerekeza motsogozedwa ndi wamkulu, ena azimanga ndi timabuloko, ena aziwerengeredwa nkhani. Pamapeto pake ana a timasewero aja sanapose anzawo pa mayeso omvetsa maganizo a ena, koma anawaposa pa chinthu chimodzi, kuugwira mtima, akaona munthu wavutika sankabalalika kwambiri. Wina anganene kuti ndiye zalephereka. Ine ndikuti pamenepo mpamene pagona nkhani. Mwana amene akaona mnzake akutuluka magazi amadzazidwa ndi mantha ake omwe, amatseka maso kapena kuthawa, sangathandize, maganizo ake onse ali pa kudzipulumutsa yekha. Amene angathe kupirira kuona ululu wa wina osagwa nawo ndi amene amatsala pompo nkufunsa kuti zikupweteka pati. Ndipo mwana amene wakhala akulira mongoyerekeza, kukwiya mongoyerekeza, kuopa chilombo chimene wachipeka yekha nkuchithamangitsa yekha, wayeserapo kale kulowa mu mkwiyo ndi mantha nkutulukamo bwinobwino.

Palinso china choti tisachiiwale. Kudziwa zimene zili mumtima mwa mnzako ndi kumufunira zabwino ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ku England mu 1999 Jon Sutton, Peter Smith ndi John Swettenham anapeza kuti ana amene amatsogolera kuzunza anzawo kusukulu amamvetsa bwino zedi maganizo a ena, nchifukwa chake amadziwa mawu enieni amene angamulize mnzawo, amadziwanso oti awakope kuti akhale mbali yawo. Nde luso lokha silikwana, pafunika munthu woti amuonetse mwanayo kuti luso limeneli nlothandizira anthu, ndipo munthu ameneyo ndi ife amene timakhala naye.

Nchifukwa chake ndimati mwana akabwera ndi kachingwe mkhosi nkunena kuti “adadi, inu ndinu wodwala, ine ndine dokotala”, ikani foni pambali, gonani pansi mudwale. Udokotalawo musautenge inu. Moyo wake wonse mwana wamng'ono ndi amene amanyamulidwa, kusambitsidwa, kubayidwa, kuuzidwa kuti khala chete, sapeza mpata woima mbali ya wosamalira ena. Inu mukakhala wofooka, mukabuula pang'ono nkunena kuti “adokotala, ine jakisoni ndimamuopa”, mwamupatsa vuto loti alithetse, munthu wamantha ali patsogolo pake ndipo mphamvu zili ndi iyeyo, nde atani nazo? Ena amaseka nkukubayani dala mwamphamvu, palibe vuto, nenani kuti “mayo ine, zapweteka, tandigwirani kaye dzanja”, muone mmene nkhope yake isinthire. Ena amakusisitani nkukuuzani mawu omwe aja amene inu munawauza tsiku lomwe ankabayidwa katemera. Mphindi khumi zokha zikukwana, sikuti mpaka tsiku lonse, ndikudziwa tonse timafika kunyumba titatopa ndipo ntchito zina zikutidikira.

Muli mmasewera momwemo, zitchuleni maina zimene zikuchitika mumtima. Chidole chakhumudwa chifukwa anzake achisiya, kagalu kakuchita manyazi, mwana wa mmasanje wachita nsanje poti kwabadwa khanda. Ana ambiri amangodziwa mawu awiri, kukondwa ndi kukwiya, chilichonse chowawa amachitcha kukwiya, nde angamuzindikire bwanji mnzake amene wasungulumwa ngati za kusungulumwa sanazimvepo? Judy Dunn yemwe uja ndi anzake mu 1991 anapeza kuti ana a zaka zitatu amene mmabanja mwawo munkakambidwa kwambiri za mmene anthu akumvera ndi zifukwa zake, atafika zaka zisanu ndi chimodzi ankatha bwino kuzindikira mmene munthu wina akumvera. Ngati Lillard akunena zoona kuti mwina chinsinsi chili pa kucheza ndi kulankhula, ineyo sizikundisokoneza, chifukwa ndi nthawi ina iti imene mwana wa zaka zitatu angakhale nanu pansi nkumakamba za mantha ndi nsanje mosakakamizidwa? Mukamufunsa mwachindunji kuti bwanji ukumuda mng'ono wako, amangoyang'ana kumbali. Koma mufunseni kuti kodi kachidole aka kakumva bwanji poti amayi ake anyamula khanda lina, ayankha zambiri mpaka mudabwa kuti zonsezi anazisunga kuti.

Koma chonde abale, apa mpamene ambiri timalakwitsa, musasandutse masewera kukhala kalasi. Pali makolo ena akangomva kuti masewera amaphunzitsa, basi amalanda chilichonse, ayi dokotala satero, tsopano uchipepese chidolecho, tsopano unene kuti zikomo, waphunzirapo chani pamenepa? Mwana amazindikira msanga kuti awa sakusewera, akundiyesa mayeso, ndipo amangodzuka nkuchoka. Nkhaniyo ndi yake, akudziwa komwe ikupita ndi iyeyo. Ngati wanena kuti basi yathu ikuuluka kupita kumwezi ndipo wodwala ndi ng'ona, kwerani basi yomweyo. Mafunso awiri pa masewera onse akwana, ndipo azichokera mkamwa mwa munthu amene mukumuyerekezayo, osati mwa kholo.

Chinanso chimene masewerawa amachita, chimene ambiri sitichikonda, nchoti amatiulula. Mudzamva mwana akukalipira chidole ndi mawu anu enieni, kakwezedwe ka mawu komweko, chala chili mmwamba, “ndakuuza kangati iwe, ukufuna ndikumenye?” Zimabaya mumtima zedi. Musamukalipire kuti asiye, iye akungobweza zimene walandira, akuyesa kumvetsa kuti zimakhala bwanji kukhala mbali ya wokalipayo. Lowani ngati chidolecho nkunena ndi timawu tating'ono kuti “amayi, mukamakuwa chonchi ine ndimachita mantha”, kenako mumve zimene ayankhe. Ndipo kunja kwa masewera kulinso ntchito yathu. Carolyn Zahn-Waxler ndi anzake mu 1979 anaona kuti ana a chaka chimodzi ndi theka mpaka ziwiri ndi theka amene amayi awo ankawafotokozera motsindika zotsatira za zochita zawo, monga kuti taona mnzako akulira chifukwa wamuluma, kuluma kumapweteka, ankakonda kukonza zimene alakwitsa ndi kuthandiza ovutika kuposa ana amene ankangouzidwa kuti siya popanda chifukwa. Zimene mwana amaziika mmasewera amazitenga kwa ife, nde ngati kunyumba sanaonepo munthu akupepesa kapena kutonthoza mnzake, mmasanje mwake simudzapezeka zimenezo.

Ndinenepo apa mwachidule koma motsindika, ngati mwana akubwereza sewero limodzi lomwelo loopsa tsiku ndi tsiku, iye osasangalala nalo, kapena akuyerekeza zogonana zimene msinkhu wake sayenera kuzidziwa, musangoti nzachibwana. Kaonaneni ndi achipatala kapena oona za chitetezo cha ana.

Muziyang'ananso kuti ndani amapatsidwa udindo uti. Mgulu lililonse la ana mumakhala wina amene nthawi zonse ndi mayi kapena mphunzitsi wolamula, ndi wina, kawirikawiri wamng'ono kapena wofatsa kapena wolumala, amene nthawi zonse ndi galu, wantchito, wakuba woti amangidwe. Masewera akasiyidwa chonchi amangophunzitsa wamphamvu kulamula ndi wofooka kugonja. Apa ndiye wamkulu ayenera kulowerera, osati mwaukali, kungoti lero tisinthane, amene anali galu akhale dokotala. Wolamula uja akakwawa ndi maondo mphindi zochepa, osaloledwa kulankhula, amamva yekha zimene mnzake wakhala akumva masiku onsewa. Mphunzitsi wina wa ku Chicago, Vivian Gussin Paley, anali ndi njira imene ndimaisirira kwambiri, mwana ankamufotokozera kankhani kake, iye nkulemba mawu a mwanayo mmene wawanenera, kenako kalasi yonse nkuchita sewero la nkhaniyo. Tangoganizani mwana wamanyazi amene salankhula mkalasi akuona anzake akusewera nkhani yochokera mmutu mwake, ndipo anzakewo kwa kanthawi akumva zimene iye amaopa ndi zimene amalakalaka. Sizifuna ndalama, pepala ndi cholembera basi.

Za anyamata ndiye zimandipweteka kwambiri. Kamnyamata kakanyamula chidole nkumachitonthoza, sipalephera kupezeka wamkulu wokalanda nkunena kuti zimenezo nza atsikana. Kenako patapita zaka tikudabwa bambo amene mwana wake akulira iye sakudziwa pomugwira, amangoitana mayi ake a mwanayo. Tinamuletsa tokha kuyesera. Mnyamata amene akumwetsa chidole akuyesera ubambo, musiyeni. Nanga zamfuti ndi zaakuba, tiziletse? Ine sindiletsa, olo mutabisa mfuti zonse zapulasitiki adzatola kamtengo nkukasandutsa mfuti. Mmasewera a apolisi ndi akuba muli kupulumutsana, muli wovulala woti anyamulidwe, muli kuphunzira kuti ndikamukankha zenizeni mnzanga alira ndipo sadzafunanso kusewera nane. Chimene ndimayang'ana ine ndi nkhope, ngati onse akuseka zili bwino, wina akayamba kuoneka wamantha zenizeni imitsani kaye, muwafunse onse kuti tamuyang'anani mnzathuyu, kodi akusangalalabe?

Pa zoseweretsa sindichedwapo. Katoni yopanda kanthu, nsalu zakale, timitengo, zitini, izi zimaposa chidole cha mabatire chimene chimalankhula chokha, chifukwa chikamalankhula chokha mwana alibe choti achiganizire, pomwe chosalankhula amayenera kuchipatsa mawu ndi mtima iye mwini. Chodetsa nkhawa kwambiri ndi nthawi imene yapita ku foni ndi TV. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti ana osakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Sindikunena kuti makatuni onse ndi oipa, ana amatengamo anthu oti awayerekeze, vuto nloti masewera oyerekeza amayamba mwana akasowa chochita, akaboweka, nde ngati nthawi iliyonse akangoyamba kudandaula timamupatsa foni kuti atisiye, mpata umenewo sumapezeka.

Makolo ena amachita mantha akamva mwana akucheza ndi mnzake wosaoneka, kumusungira malo pampando, kumutchula dzina. Marjorie Taylor wa pa yunivesite ya Oregon anafufuza zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo mu 2004 iye ndi anzake anapeza kuti pofika zaka 7, ana pafupifupi 65 pa 100 mwa omwe anawafunsa anakhalapo ndi mnzawo wotereyu. Anawo amadziwa bwinobwino kuti ndi wongopeka. Si matenda, ndipo mnzake wosaonekayo nthawi zambiri amakhala ndi zofuna zake, amakana, amanyanyala, amafuna kunyengereredwa, mwanayo nkumayesera pa iye zimene adzakumane nazo kwa anzake enieni. Mbali inayi kuli ana, makamaka ena omwe ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu), amene sakonda kuyerekeza, amakonda kundandalika timagalimoto pamzere kapena kuzunguza tayala. Musathamangire kunena kuti alibe mtima. Ambiri mwa iwo ululu wa ena amaumva ndithu, chimawavuta ndi kuwerenga nkhope ndi kudziwa choti achite. Khalani naye pansi pa timagalimoto pakepo, muyambire pa zimene iye amakonda, osamukokera ku zanu.

Nkhaniyi ikukhudzanso sukulu za mkaka, chifukwa kumeneko nkumene ana ambiri masiku ano amathera tsiku. Makolo ndife amene tikuzikakamiza sukuluzi, timafuna mwana wa zaka zitatu azibwera ndi homuweki ndi makope odzaza, ndipo mphunzitsi akawasiya ana asewere timati ndalama zathu zikupita pachabe. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, gawo 31, limati kusewera ndi ufulu wa mwana, ndipo mu 2018 bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, linafika polimbikitsa madokotala kuti azilembera makolo masewera a ana ngati mmene amalembera mankhwala. Nde mukamakaona sukulu yoti mwana wanu akayambe, musangoyang'ana mayunifolomu ndi zilembo zapakhoma. Funsani kuti ana amakhala ndi nthawi yaitali bwanji yosewera mosadukizidwa, chifukwa masanje amachedwa kuyaka, kugawana maudindo kokha kumadya mphindi zambiri ndipo belu likalira msanga amathera pa kukangana osafika pa kusamalirana. Funsani ngati pali kangodya kokhala ndi nsalu, zidole ndi makatoni kumene anyamata ndi atsikana onse amaloledwa. Ndipo funsani kuti ana awiri akalimbirana chidole chimodzi aphunzitsi amatani, amachilanda nkuchiika pamwamba pa kabati, kapena amagwada pansi nkuwathandiza awiriwo kuti aliyense amve za mnzake.